Mpweya wa Amake Mwatitha

Ndinalota masana, dzuwa lili paliwombo, nditatsamira mthethe wa m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji pomwe ndimagulitsira agalu. Anzanga amalota ali pamatiresi. Ine ndimalotera ku ofesi, katoni ya tiana ta galu ili pamiyendo, poti bwana wa ofesiyo ndine ndemwe, Zebedayo Kachere, ndipo sindinadzichotsepo ntchito.

M'mawa wa tsikulo bambo wina wa taye anaima ndi galimoto, n'kumakoka makutu a kagalu kamodzi uku akundiuza kuti kunja kuli agalu ophunzitsidwa amene amanunkhiza mpweya wa munthu n'kudziwa ngati ali ndi khansa ya m'mawere. Ndinamuyankha kuti angawa amanunkhiza ngakhale chibwenzi chamseri, ndiye asagule ngati ali ndi mlandu kunyumba. Anaseka, ndipo sanaguledi. Nditakhala pansi, tulo tinanditenga.

Phula la msewu linasendeka ngati khungu la mbatata yophika, ndipo pansi pake panali simenti yosalala ya chipatala. Denga linatsika kuchokera kumitambo n'kudzakhala pamutu pa mthethe uja. Magalimoto ankadutsabe pakati pa mabenchi, koma opanda phokoso, ndipo anthu ankangokweza miyendo kuti awapatse njira. Pamabenchipo panali amayi okhaokha ndi magadiyani awo, aja operekeza odwala, atanyamula mabeseni ndi mafulasiki. Palibe amene ankalira. Ine sindinadabwe. Ndinangoganiza kuti malo angawa tsopano atukuka.

Chapakati pa mzere panakhala mkazi wanga, amake Mwatitha, atavala nsalu ija banja lonse linavala pamaliro a akulu awo. Mkono wamanzere anali ataupanikiza kunthiti, monga akhala akuchitira kuyambira nthawi ya mvula. Apa si maloto ayi. Dzanja langa ndilo linakumana nacho chinthucho, m'mbali mwa bere, cholimba ngati mtedza wosasenda. Iwo anati ndi chithupsa chosaphulika. Ine ndinati, “Ndiye mwayamba kubisa mtedza kumeneko kuopa ine?” Tinaseka tonse awiri. Kuyambira pamenepo amagona ndi bulauzi atayang'ana kukhoma, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Amene ankaibwereza ndi Dona yekha, galu wathu wamkazi, mayi wa katundu wanga yense. Amake Mwatitha akakhala pakhonde kutsuka mabotolo a thobwa lomwe amagulitsa, Dona amabwera n'kuwakankha pachifuwa ndi mphuno, kenako n'kukhala pansi ali duu, maso ali pa iwo. Iwo amamukwapula ndi patapata. Ine ndimamugenda. Kwathu galu akamachita zotero timati ndi malodza, ndipo malodza amapirikitsidwa.

Patebulo la kutsogolo panakhala alamu anga a Esinati, akulu a mkazi wanga aja, amene tinakawaika m'manda kumudzi ku Kasiya. Anali atanenepako pang'ono. Iwo anadwala nthenda yomweyi. Anaibisa mpaka fungo linawaulula, anapita kuchipatala, anawadula bere, ndipo chimanga chisanache tinali kusaka bokosi. Pamaliro aliyense ankati mpeni ndiwo wawapha, ati khansa ikangoona mpeni imalusa. Ali moyo, chilamu chathu chinali chotchuka. Sitinkapatsana moni popanda kunyozana kaye.

“Mkazi wanga wamkulu!” ndinatero. “Ndiye munathawa banja lathu n'kudzalembedwa ntchito kuno? Mwapezako mwamuna wa nsapato?”

Anandiyang'ana ngati akuona mtengo wa magetsi.

“Ndinu ndani kwa wodwala?”

“Mwini wake.”

“Wodwala alibe mwini. Ndinu gadiyani.”

“Gadiyani ndiye, alamu.”

Anandipatsa kansalu koyera ndi botolo. Botololo ndinalizindikira. Linali limodzi mwa aja a thobwa, lija lopindika pakhosi lomwe makasitomala amakana.

“Wodwala apumire pakansaluka mpaka kafunde,” anatero alamu. “Gadiyani akatsekere m'botolo, akaimike botolo pamzere uko. Galu akanunkhiza n'kudutsa, mutulukira khomo la kumanja. Galu akakhala pansi, mulowera khomo la kumanzere. Musatsegule panjira.”

“Nanga akakweza mwendo?”

“Wotsatira,” anatero alamu.

Ndinayang'ana kumene analozako. Kunali thabwa lalitali, mabotolo atandandalikidwa pamenepo, ndipo m'mbali mwake munakhala agalu onse amene ndinagulitsapo chiyambire ntchitoyi. Anali atakula bwino. Uja ndinamupaka polishi wa nsapato kuti akhale wa ku Jeremani anali atakwezedwa pantchito, ndiye ankayang'anira mzere, polishi akuchuchabe m'miyendo. Onse anandipatsa moni pamodzi, mwaulemu wa kusukulu.

“Mwaswera bwanji, bambo Kachere.”

“Ndaswera, ana anga. Eni anu akukusamalani?”

Anatembenukira kumabotolo. Anali pantchito. Kutsogolo kwa onse kunali Dona, mabere ake ofota akukhudza simenti, khutu limodzi lili gwaa, lina litagona monga mwa masiku onse. Iye sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinabwerera kwa amake Mwatitha n'kuwapatsa kansalu kaja. Anakalandira ndi dzanja lamanja, anakaphimba pakamwa ndi pamphuno, n'kuyamba kupuma. Ankapuma mofatsa, maso ali pagalimoto ya mchenga yomwe inkadutsa pakati pathu. Kansalu kanayamba kufufuma. Atachotsa, anakagwira ndi ulemu ngati mwana wa eni.

“Kakulemera,” anatero. “Mugwire bwino, bambo a Mwatitha.”

“Ndinanyamula inu pa tsiku la ukwati, ndilephere kansalu?”

“Simunandinyamule. Munaledzera.”

Ndinatsekera kansalu m'botolo n'kuyamba ulendo wopita kuthabwa. Sipanali patali, koma njira inkatalika ndikamayenda. Inandidutsitsa pafupi ndi khomo la kumanzere. Pansi pa chitseko pankatuluka kuwala koyera, ndipo kuseri kwake wina ankanola mpeni monga amachitira ogulitsa nyama ya mbuzi kumsika, shwee, shwee, mosafulumira. Sindinamve mantha. Ndinangomva mapazi akuzizira.

“Musandigwedeze, bambo,” linatero botolo.

“Iwe, wayamba liti kuyankhula?”

“Kuyambira pomwe kunyumba munasiya.”

Ntchito iliyonse ili ndi luso lake. Lathu ndi ili: kasitomala amasankha kagalu konenepa, amatembenuka kukatsegula kumbuyo kwa galimoto, ndipo m'katoni mumalowa mng'ono wake wowonda. Onse ndi agalu, onse amakula. Sindiganiza n'komwe ndikamachita zimenezi, manja amadziwa okha. Ndiye nditafika pa mthethe uja, womwe tsopano unali mzati wochirikiza denga, ndinangopezeka ndazembera kuseri kwake. Ndinatulutsa kampango kanga kopukutira thukuta, ndinapumirapo mpaka kanafunda. Ndinatsegula botolo, ndinasolola kansalu ka mkazi wanga, ndinalowetsa kampango kanga, ndinatseka. Ntchito yoyera. Ngakhale ine mwini ndikanagula.

Koma kansalu kaja kanayamba kufuka m'manja mwanga. Mpweya unkatuluka ukuoneka ndi maso, ngati nthunzi ya pa mphika wa thobwa, ndipo kuthabwa kuja mphuno zonse zinayamba kutembenuka. Ndinafuna zenera, panalibe. Ndinafuna dzenje, simenti yokhayokha. Ndiye ndinaika kansalu pakamwa n'kukoka mpweya wonsewo, mpaka kanauma ngati tsamba la fodya.

Unali ndi fungo la utsi wa makala, la sopo wochapira, la chimera. Ndinawamva amake Mwatitha onse, kuyambira ali mtsikana wopita kumjigo. Pansi pa zonsezo panali kena kotsekemera, ngati papaya loti layamba kuola m'kati, kunja lili bwinobwino.

Ndinatseka pakamwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti sindingathenso kuyankhula, chifukwa mawu amayenda pa mpweya, ndipo mpweya womwe ndinali nawo sunali wanga.

Ndinakaimika botolo pamzere. Wapolishi uja anagwedeza mutu, ndipo Dona anayamba kuyenda. Ankaima pa botolo lililonse pang'ono chabe, mphuno ili fwii, n'kupitirira. Penapake ankakhala pansi. Akatero, mayi wina pamabenchi paja ankaimirira, kumanga bwino nsalu yake, n'kuyenda kupita kukhomo la kumanzere, gadiyani wake ali pambuyo ndi beseni. Chitseko chinkatseguka, kuwala n'kuwameza, n'kutsekeka. Wina anaiwala fulasiki pabenchi. Palibe anaitola.

Dona atafika pa botolo lopindika khosi, anachedwapo. Ananunkhiza chivindikiro, ananunkhiza m'mbali.

“Fodya wopichira,” anatero ndi mawu a mayi wa bwalo la milandu. “Kachasu wa dzana. Mabodza a m'mawa uno. Khansa mulibe.”

Anadutsa.

Amayi onse a pamabenchi anaomba m'manja, mofewa, ngati mvula yoyamba pa malata. Magadiyani ena anadzandigwira chanza. Bambo wina anandiuza kuti Mulungu ndi wamkulu. Ndinagwedeza mutu, masaya atatupa.

Amake Mwatitha ndinawapeza pomwe ndinawasiya. Anakhala mowongoka, manja ali pamiyendo. Chifuwa chawo sichinkakwera kapena kutsika. Ntchentche inatera pamlomo pawo n'kuyamba kusisita manja ake.

“Ati ndili bwino?” anandifunsa. Mawuwo sanatuluke pakamwa, anachokera penapake m'nsalu ya maliro ija.

Ndinagwedeza mutu.

“Chabwino. Koma mpweya wanga sunabwerere.”

Ndinatambasula manja, kusonyeza kuti za chipatala zimachedwa.

“Palibe kanthu. Mundipeza kunyumba. Mabotolo ndasiya m'madzi.”

Anaimirira n'kuyamba kuyenda kupita kukhomo la kumanja. Ine pambuyo. Chitseko chinatseguka chokha, ndipo kuseri kwake kunali kwathu ku Chinsapo, pakhomo pathu penipeni, chingwe choyanikira zovala chili pomwe chimakhala. Koma panjira yolowera anali atayala masamba aawisi, aja amauza apanjinga kuti atsike chifukwa pali maliro. Mabenchi a kutchalitchi anali atafika kale. Amayi ankathira madzi m'madiramu, ena ankawaza nkhuni. Maliro anali asanachitike, koma zonse zinali zokonzeka, anthu ankangodikira mwini wake. Pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala amuna, ndipo pakati pawo ndinali ine, nditavala jekete yobwereka, ndikuwaseketsa. Nthabwalayo ndinaimva. Inali yabwino.

Ndinaima n'kumaonerera. Ndinaona kuti diramu lina likudontha. Ndinaganiza kuti wina awauze.

Alamu a Esinati anali atasiya tebulo lawo, ataima pambali panga.

“Ine ndinatulukira khomo lomweli,” anatero. “Ndinatulukirapo kambirimbiri. Ndinkabwera ndi mpweya wobwereka, wa kuseka, wa kunena kuti ndi chithupsa. Nonse munkandiombera m'manja. Tsiku lomwe ndinalowa la kumanzere, anapeza nthenda itamanga kale nyumba, itabzala ndi nthochi.”

Ndinaloza kukhomo la kumanzere, n'kudutsitsa chala pachifuwa panga ngati mpeni.

“Mpeni sunandiphe, alamu. Unangofika mochedwa, zakudya zitatha, ngati inu pa ukwati wanga.”

Aka kanali koyamba kundinyoza chimwalirire. Ndinali ndi yankho lake, labwino kwambiri, lokhudza phala lomwe anatipatsa pa ukwatiwo. Linakhala pakhosi, kuseri kwa mpweya wa mng'ono wawo.

Kumbuyo kwanga kunamveka zikhadabo pa simenti. Dona anali atasiya mzere. Anadutsa mabenchi, anadutsa pansi pa minibasi yomwe inkatsitsa anthu, mphuno ili m'mwamba. Anandizungulira kamodzi, anaima patsogolo panga, anandiyang'ana pakamwa. Kenako anakhala pansi.

Chipatala chonse chinatembenuka.

“Aa! Kodi abambowa nawonso ali ndi mabere?” anafunsa mayi wina.

“Ali nawo,” anatero mnzake. “Kungoti sagwira ntchito, atengera mwini wake.”

Palibe anaseka. Anangonena monga ponena mtengo wa tomato. Mayankho anga anali atapanga mzere m'mutu, aliyense ndi beseni lake, koma khomo linali lotseka.

“Bambo Kachere,” anatero Dona, “mwasunga katundu wa eni.”

Ndinapukusa mutu.

“Ndakhala ndikukuuzani kunyumba. Mumandigenda.”

Ndinayang'ana pansi kufuna mwala. Simenti yokhayokha.

“Ine sindibweretsa matenda. Ndimangokhala pansi pomwe ali. Mphuno yanga si mapeto a nkhani, m'katimo madokotala akaonanso ndi makina awo. Mwina akadula, mwina sakadula. Izo sindikuzidziwa, ndine galu. Koma sangaone munthu amene watulukira kumanja.”

Amake Mwatitha anali atafika pakhomo. Anakweza phazi limodzi n'kuliika kunja, pa dothi la pakhomo pathu. Kunjako anthu anayamba kusuntha mabenchi kuti awapatse njira. Mayi wina wa kwaya anatsokomola, kukonza mawu. Ine wa jekete yobwereka uja ndinasiya nthabwala pakati, ndinavula chipewa.

Phazi linalo linali likadali pa simenti. Ndinayang'ana patapata wa phazi limenelo. Lamba wake unaduka kalekale, ndipo ndinaulumikiza ndine ndi msomali wopinda kunsi. Ndinaona kuti msomaliwo wachita dzimbiri. Ndinaganiza kuti ndidzasinthe Loweruka.

Chifuwa changa chinali chitayamba kuwotcha. Ndinawerengera monga wamalonda. Ndikatulutsa mpweyawu, Dona akawakhalira pansi, ndipo kumanzere kuli mpeni. Ndikausunga, kumanja kuli masamba panjira. Ndinafufuza khomo lachitatu, poti moyo wanga wonse ndakhala ndikutulukira khomo lachitatu. Ndinayang'ana khoma lonse, kuyambira pa tebulo la alamu mpaka kuthabwa la mabotolo. Linali khoma basi.

Chidendene cha amake Mwatitha chinanyamuka pa simenti. Sanacheuke.

Ndinatsegula pakamwa.

Mpweya unatuluka wonse, wofunda, ndi utsi wake, ndi chimera chake, ndi papaya lake. Unayandama pamwamba pa mitu ya anthu kulunjika kukhomo. Dona anadzuka n'kuutsatira. Kumanzere kunola kunasiya, ndipo chitseko cha kumeneko chinayamba kulira, kulira mokweza, osaleka.

Inali hutala ya galimoto. Galimoto yofiira inali itaima patsogolo panga pa phula lenileni, lotentha, lonunkha. Ndinali ndikupuma ngati munthu amene wavuulidwa m'chitsime, ndipo kagalu kamodzi kankandinyambita chibwano.

“Achimwene, mwafa kodi?” anatero mayi wa m'galimotomo. “Agaluwa ndi a mtundu wanji?”

“Ofesi yatsekedwa, mayi.”

Ndinasenza katoni n'kuyamba wapansi. Dzuwa linali litangopendeka pang'ono. Sindinaime pa bawo, sindinayankhe anyamata a kabaza amene ankandifunsa ngati agalu andichotsa ntchito. M'mutu munalibe kanthu. Nditafika pokhotera kwathu ndinayang'ana pansi. Panjira panalibe masamba, koma fumbi ndi mapepala a shuga.

Amake Mwatitha anali pakhonde, beseni la mabotolo lili pakati pa miyendo, akutsuka ndi dzanja limodzi. Dona anali atawaika mphuno pachifuwa. Iwo anavula patapata n'kukweza mkono.

“Musiyeni,” ndinatero.

Mkono unaima m'mwamba. Dona anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kukhala pansi, maso ali pa iwo.

“Mwabwera msanga, bambo a Mwatitha. Agalu atha?”

“Sanathe.”

“Ndiye akuthamangitsani?”

Ndinatsitsa katoni. Ndinafufuza nthabwala m'kamwa monse, ngati lilime lofuna dzino lomwe linazuka. Panali dzenje lokha.

“Chija si mtedza, amake Mwatitha.”

“Ndikudziwa.”

“Si chithupsanso.”

“Ndinadziwa kalekale. Ndimadikira kuti musiye kuseka.”

Botolo lina linadzaza madzi m'beseni n'kumira lokha. Tonse tinaliyang'ana mpaka linasiya kutulutsa thovu.

“Kuchipatala sanatseke,” ndinatero. “Gadiyani ndine.”

“Akandidula ngati a Esinati?”

“Sindikudziwa.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kudikira mwina kuti ndiwonjezerepo kena. Sindinawonjezere. Anayang'ana Dona. Kenako anatsitsa patapata uja pang'onopang'ono, msomali wake wadzimbiri unagunda simenti ya pakhonde, ndipo analowetsamo phazi.